Chifukwa Chake Mphesa za ku Constantia Zimakonda Mphepo ya M'nyanja

Mwafunsa ngati mphepo yochokera kunyanja yamchere siwononga mphesa zolimidwa m'mapiri a ku Constantia, pafupi ndi Cape Town. Zoona zake n'zakuti mphepoyo imathandiza kukometsa vinyo wa kumeneko. Minda ili m'matsitso a phiri la Constantiaberg, moyang'ana chigawo cha nyanja chotchedwa False Bay, ndipo m'chilimwe mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, imene anthu a kumeneko amaitcha Cape Doctor, imaziziritsa mitengo masana ndi kuumitsa chinyontho pamasamba, kotero kuti matenda oolesa zipatso safala msanga. Mphesa zikapsa pang'onopang'ono chotere, zimasunga kuwawasa kwake, n'chifukwa chake mphesa za mtundu wa Sauvignon Blanc zimachita bwino kwambiri kumtunda kwa phirilo. Mvula imagwa m'nyengo yozizira, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndipo nthaka yochokera ku miyala ya granite yofumbutuka imasunga madzi okwanira popanda kulowa chithaphwi.

Mbiri ya derali ndi yakale ndithu. Simon van der Stel, yemwe anali mtsogoleri wa Adatchi ku Cape, anakhazikitsa munda wa Constantia mu 1685, ndipo vinyo wake wotsekemera ankatumizidwa ngakhale kwa Napoleon, yemwe kale anali mfumu ya France, ali m'ndende pachilumba cha St Helena. Vinyo ameneyu anazimiririka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, koma a munda wa mphesa wa Klein Constantia anamuyambiranso mu 1986 pa dzina la Vin de Constance. Amasiya mphesa za Muscat pamtengo mpaka zitafota ndi kukwinyika, kenako antchito amathyola ndi manja, kubwereza mzere womwewo kangapo posankha zokhwima zokha.