Nyanja ilibe changu: yankho kwa mlimi wa ku Ulongwe

Mlimi wina wa kachewere ku Ulongwe, m'dera la Angónia ku Mozambique, wandilembera imelo. Akuti: "Agogo anga ankati mvula ili ndi mibadwo yake, zaka zabwino zingapo zotsatana, kenako zoipa zingapo. Pa wailesi akuti gwero lake ndi nyanja yamchere. Zitheka bwanji, ife tili kumapiri kuno?"

Bambo, agogowo sananame. M'zaka za m'ma 1970 mvula inali yambiri kumwera kwa Africa kuno, mpaka Zambezi anasefukira mu 1978, damu la Cahora Bassa litangodzaza kumene. M'ma 1980 kunauma, ndipo chilala cha 1992 akuluakulu amachisimbabe.

Mphepo ndi yopupuluma, lero iwombera uku, mawa uko. Nyanja ili ngati ngolo yodzaza matumba: ng'ombe zimakhetsa thukuta kuti igwedezeke, koma ikagubuduka, kuiimitsa ndi ntchito ina. Madzi a pamwamba pa nyanja, mamita atatu okha, amatha kusunga kutentha kofanana ndi mpweya wonse wokuta dziko lapansi.

Ku Pacific mphepo yochokera kum'mawa imakankhira madzi ofunda ku Indonesia, pomwe ku gombe la Peru kumatumphuka ozizira ochokera pansi. Mphepoyo ikafooka, ofunda aja amabwerera kum'mawa. Ameneyo ndiye El Niño, yemwe anatiwotchera chimanga mu 2015/16 ndi 2023/24. Koma iyeyo ndi mlendo wa chaka chimodzi kapena ziwiri, inu mwafunsa za zaka makumi.

Mphepo ikapendekera mbali imodzi zaka zambiri, madzi ofunda amaunjikana mpaka mamita mazana pansi, mitsinje ya m'nyanja imasintha liwiro, ndipo kusinthako kumakwawa kunsi kwa madzi, kutenga zaka kuti kuwoloke nyanja. Mphepo ija ingasiye, nyanja imakhala ikuyankhabe, nkumabwezera kutenthako kumwamba pang'onopang'ono. Ku Pacific izi amazitcha Pacific Decadal Oscillation. Mbali imodzi imatha kukhala zaka 20 kapena 30, ndipo inatembenuka mu 1976/77. Pambuyo pake panabwera El Niño wamphamvu wa 1982/83 ndi wa 1997/98.

Nanga zimatifika bwanji? Madzi ena a Pacific amadutsa pakati pa zilumba za Indonesia kulowa m'nyanja ya Indian, nkulowera kumadzulo. Akafika pakati pa dziko lathu la Mozambique ndi Madagascar sayenda mowongoka, amapita akuzungulira ngati kamvuluvulu, mpaka kukathira mu mtsinje wa m'nyanja wotchedwa Agulhas. Chinyezi chambiri cha mvula ya ku Angónia chimachokera m'nyanja ya Indian imeneyi. Namondwenso chakudya chake ndi madzi ofunda: namondwe wotchedwa Ana, amene anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè ku Tete mu Januwale 2022, anabadwira komweko.

Pomwe ndikusiyana pang'ono ndi agogo ndi apa: mibadwoyi si kalendala. Musati poti zoipa zakwana khumi, chaka chino mudzale mbewu yochedwa kucha. Timakina ta Argo, tomwe timamira mamita 2,000 kukayeza kutentha ndi mchere, tinayamba ntchito cha m'ma 2000, ndiye ngakhale akatswiri aona bwino mkombero umodzi wokha. Komanso nyanja ikumeza pafupifupi 90 peresenti ya kutentha kowonjezera komwe utsi wathu ukubweretsa. Ine mbewu ndimagula nditamva ulosi wa INAM, bungwe loona zanyengo ku Mozambique, ndipo yocha msanga sindiisiya ngakhale atati mvula ikhala yabwino.