Musawalande foni bambo anu

Mwa makalata amene ndalandira mwezi uno, imodzi yandikhudza kwambiri. Yachokera kwa mlongo wina wa ku Moatize. Bambo ake maso ayamba kuchita chidima, sakuthanso kuwerenga za pa foni, ndiye abale agwirizana kuti foniyo ndi nambala yachinsinsi ya M-Pesa azisunga mwana wamkulu. Akufunsa ngati ilipo foni ya anthu osaona, kapena angovomera zimene abale anena.

Achemwali, musavomere. Ndikudziwa kuti abale anuwo sakufuna kuwabera bambo, akungoopa kuti ndalama zingapite kwa munthu wolakwika. Koma zimenezi ndinazionera pafupi kwathu, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Azakhali anga a ku Domue anali mayi wa geni yeniyeni. Ankapikula mbatata ya kachewere kwa alimi, kukweza matumba pa lole, ina kukatsitsa pa Ulongwe, ina mpaka mumzinda wa Tete. Foni yawo inali ya mabatani, yofufuka, yomanga ndi mphira, ndipo inkakhala pa mfundo ya chitenje. Matenda a shuga atawalowa m'maso, banja linakhala pansi n'kugwirizana zofanana ndi zanuzo. Foni inapita m'thumba la mdzukulu. Ndinapita kukawaona nthawi yokolola, ndinawapeza ali pakhonde, miyendo atatambasula pamphasa. Foni ija inalira kuseri kwa nkhokwe. Iwo anatembenuza mutu nthawi yomweyo, dzanja n'kupita pa mfundo ya chitenje pomwe panalibe kanthu. Tonse tinamva mnyamata uja akuyankha kuti: "Agogo alipo, koma masiku ano sangathe. Nenani kwa ine." Azakhali sanayankhule. Anangoyamba kutolatola tizitsotso pamphasapo.

Palibe amene anawabera ngakhale metikali imodzi. Koma ogula anasiya kuimba, anzawo a kumpingo anasiya kuimba, ndipo mayi amene ankalipirira ana a eni ake sukulu anayamba kupempha ya sopo kwa mwana amene anamusambitsa okha. Anthu tikamva kuti wina wasiya kuona timathamangira kumuchitira zonse, ndiye timati ndi chikondi. Ine ndafika poti chisoni cha mtundu umenewu ndimadana nacho. Maso okha ndi amene adwala, mutu uli bwinobwino, makutu ali bwinobwino, masamu a matumba onse ali momwemo. Kumulanda munthu foni masiku ano kuli ngati kumutsekera m'nyumba n'kuponya kiyi padenga.

Amene anatitsegula mitu ndi aphunzitsi ena osaona, omwe anaphunzira kusukulu ya osaona ya ku Beira. Anagwira chala cha azakhali n'kuchiika pa batani la 5, pomwe pali kachotupa kakang'ono kamene ambirife sitinakazindikirepo. Akuti ukapeza 5, ena onse wawapeza: 2 ali pamwamba, 8 pansi, 4 kumanzere, 6 kumanja. Kenako anatulutsa foni yawo yamakono, yopanda batani ndi limodzi lomwe kumaso, n'kuyamba kuseweretsa chala pagalasi. Foniyo inkayankhula mothamanga moti ine sindinatolepo kanthu, koma iwo anali akutsegula WhatsApp, kumvera uthenga, kuyankha, uku akucheza nafe.

Chimene chinkayankhulacho ndi TalkBack, ndipo chimabwera kale m'mafoni ambiri a Android, ngakhale otchipa amene amagulitsidwa mumsika. Pa iPhone chimatchedwa VoiceOver, chinayamba mu 2009. Pa kompyuta pali NVDA, yaulere, imene anayambitsa mu 2006 ndi Michael Curran wa ku Australia, n'kumaipanga limodzi ndi mnzake James Teh, onse awiri osaona. Zimenezi ndimakonda kuzinena chifukwa kwathu kuno tinazolowera kuganiza kuti munthu waulumali ndi wongolandira, pomwe chida chimene osaona ambiri padziko akugwirira ntchito anachipanga ndi osaona anzawo.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse ndi zosalala. Mafoni oyankhulawa kwathu kuno amayankhula Chipwitikizi, ndipo akafika pa uthenga wa Chichewa amapotoza mawu mpaka kufuna kumvera kawiri. Kwa munthu wa ku Tsangano kapena ku Macanga amene Chipwitikizi sanapite nacho patali, limeneli ndi phiri. Mwayi wake ndi woti mauthenga a mawu pa WhatsApp safuna kuwerenga, ungodina n'kuyankhula chiyankhulo chako. China chovuta ndi mamenyu oyamba ndi nyenyezi aja, otumizira ndalama kapena kugula mamega. Amakhala ndi nthawi yochepa, foni isanamalize kuwerenga mzere wachitatu, zatsekeka, uyambirenso. Amene anakonza zimenezi anaganizira munthu wopenya, wa zala zachangu, basi. Ndiye pali ma ajenti ena. Wina pamsika wina anawauza azakhali mokweza, anthu ali pamzere: "Mayi, ingonenani nambalayo ndikulembereni." Nambala yachinsinsi, pamsika! Akanakhala wopenya sakanayerekeza kumuuza choncho.

Apa m'pamene ndimapsa mtima ndi makampani ndi maofesi onse pamodzi. Dziko lathu la Mozambique linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2012, ndipo mu 2024 linakhazikitsa lamulo lakelake loteteza ufulu umenewu. Kalembera wa 2017 anapeza anthu aulumali oposa 700,000. Amenewa ndi makasitomala, amagula kredito, amalipira magetsi, amatumizira ana ndalama. Nanga bwanji wogulitsa mafoni m'sitolo sadziwa n'komwe poyatsira TalkBack? Bwanji chidziwitso chofunika chimatumizidwa ngati chithunzi, chimene foni singawerenge bwino? Ndi chimodzimodzi anzathu osamva: uthenga wa katemera kapena wa madzi osefukira ukangodutsa pa wailesi pokha, iwo awauza ndani? Ndipo mphatso zija zobwera ndi makamera, njinga ya olumala yopangidwira simenti kuipereka kwa munthu wa kumapiri a ku Angónia, popanda wofunsa mwini wake kuti njira ya kumunda kwake ndi yotani. Chida chimathandiza ngati mwini wake wafunsidwa ndi kuphunzitsidwa, apo ayi chimakathera pansi pa bedi.

Azakhali anabwezeredwa foni yawo. Geni ya malole sanaibwerere, koma amagulitsa pakhomo, amaimbira okha alimi awo, ndipo ndalama zawo amadziwa okha kuti zatsala zingati.

Tsono muchite chiyani

Choyamba, pitani nawo bambo kuchipatala akaonedwe maso, kuyambira chapafupi kapena Hospital Provincial de Tete. Ngati ndi ng'ala, opaleshoni imatha kubwezera kuona, ndipo ngati ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, kuchedwa kumaononga zambiri. Foni yapadera musaifune, yomwe ali nayoyo ikwana ngati ndi yamakono ya Android. Ngati akuonako pang'ono, lowani pa Definições, kenako Acessibilidade, mukulitse zilembo ndi kuyatsa chokulitsira. Ngati sakuona, yatsani TalkBack pomwepo: kukhudza kamodzi foni imanena chimene chala chili, kugogoda kawiri ndiye kutsegula, kutsetsereza zala ziwiri ndiye kutsika pansi. M'mafoni ambiri mungaikonze kuti iziyaka ndi kuzima mukapanikiza mabatani onse awiri a voliyumu kwa masekondi atatu. Masiku oyamba adzatopa nayo, mwina kukalipa, musafulumire kuwalanda m'manja. Funsani a ACAMO, bungwe la osaona m'dziko muno, akulozereni munthu wosaona amene amaigwiritsa kale ntchito, chifukwa ameneyo aphunzitsa bwino kuposa inu ndi ine. Muwagulire mahedifoni kuti za ndalama zisamveke kwa aliyense. Ndipo ngati nambala yachinsinsi yafika kale kwa mwana wamkuluyo, bambo aisinthe okha, inu mutatulukako panja.