Tagi ya elk kwa mlendo: mapointi si lonjezo

Achimwene, mwafunsa mmene mungapezere tagi, chilolezo chosakira elk (nyama yaikulu ya m'tchire ya ku America), ku Wyoming kapena ku Colorado. Poti mukukhala ku Indiana, m'masteti awiriwo ndinu mlendo basi, ngakhale mutakhala ndi green card kapena pasipoti ya America. Wyoming imafuna kuti munthu akhale m'steti mwawo chaka chathunthu asanawerengedwe ngati mwini mudzi, Colorado miyezi 6 yotsatizana. Amene akukuuzani m'makomentimu kuti mulembe adiresi ya msuweni wanu wa ku Denver, ku Colorado, kuti mulipire zochepa akukukankhirani kudzenje. Umenewo ndi mlandu, ndipo masteti pafupifupi onse ali mumgwirizano wa Interstate Wildlife Violator Compact. Akakulandani ufulu wosaka kumodzi, ndi ku Indiana komwe laisensi simugula mpaka chilango chithe.

Wyoming ndiyo imayamba. Fomu ya alendo yolowera m'maere a matagi a elk imatsegulidwa kumayambiriro kwa Januwale n'kutsekedwa kumapeto kwa mwezi womwewo, pamene ya deer ndi antelope imafika kumapeto kwa Meyi. Ndalama amatengeratu zonse tsiku lomwe mwalembetsa. Pa mitengo ya 2024 tagi wamba inali $692, ya special $1,950, kuphatikiza $15 ya fomu yomwe sibwerera. Zotsatira zimatuluka mu Meyi, ndiye ndalama yanu ikhala m'manja mwawo miyezi inayi, mukalephera ndi pomwe akubwezereni. Matagi a alendo amawagawa pawiri, 60 pa 100 ku maere wamba, 40 pa 100 ku special. Special ndi tagi yomweyo, phiri lomwelo, nyama yomweyo, mukungolipirira kuti mupikisane ndi anthu ochepa. Yang'anani kaye ziwerengero za chaka chatha pa webusaiti ya Wyoming Game and Fish, bungwe la boma loona za nyama kumeneko, chifukwa m'madera ena kusiyana kwa mwayi n'kochepa kwambiri moti ndalama yowonjezerayo mwangotaya. M'gawo lililonse, matagi 75 pa 100 amapita kwa amene ali ndi mapointi ambiri (pointi mumasonkhanitsa imodzi pachaka pomwe mukudikira tagi), otsalawo ndi mwayi chabe, ngakhale wopanda pointi akhoza kugwa nawo.

Chinanso cha Wyoming chomwe anthu amachidziwa atagula kale tagi: mlendo saloledwa kusaka nyama zikuluzikulu m'madera otetezedwa otchedwa wilderness popanda gaidi wa laisensi kapena mwini mudzi amene watenga chilolezo chokuperekezani. Kuyendamo wapansi ndi kamera mungathe, kuwedza mungathe, koma ndi mfuti ya elk ayi. Madera ambiri okoma ozungulira Yellowstone ali m'gulu limeneli. Tsegulani mapu musanasankhe dera, muone gawo lomwe latsala kunja kwa malire amenewo.

Ku Colorado fomu imatsekedwa Lachiwiri loyamba la Epulo. Musanalowe m'maere muyenera kugula laisensi ina yoyenereza, ambiri amagula ya nyama zing'onozing'ono, ndi sitampu ya habitat, yothandizira kusamala malo okhala nyama. Ndalama zimenezi sizibwerera, mupambane kapena mulephere. Ya tagi yeniyeniyo, yomwe ikupitirira $800 pa elk yamphongo, sakutengani mu Epulo. Amadikira mupambane kenako adule pa khadi yomwe munasiya mu akaunti yanu.

Apa ndiye pamene pamafera anthu, ndipo nkhani yake imandiwawa. Munthu wasonkhanitsa mapointi zaka 7, chaka chilichonse akulipira laisensi yomwe sanaigwiritsepo ntchito. Mu Epulo walembetsa bwinobwino. Mu Meyi banki yamutumizira khadi yatsopano poti yakale inatha nthawi, kapena inatayika, iye wadula yakale ija ndi sizasi n'kuiwala kuti nambala yake ndi imene ili ku Colorado Parks and Wildlife, bungwe lopereka matagiwo. Mwinanso khadi ndi yomweyo, koma banki yaona $800 ikutuluka usiku kupita ku steti yomwe munthuyo sanagulekopo kanthu, yaganiza kuti ndi akuba, yakana. Imelo yodziwitsa yagwera mu spam. Iye watsegula akaunti, waona kuti wapambana, wajambula sikirini, watumiza m'gulu, mwamuyamikira, wapempha tchuthi kuntchito, wagula nsapato ndi hema. Pansi pake pali kamzere kakuti ndalama sinadutse, sanakawerenge. Tsiku lomaliza kulipira limagwa pakati pa Juni. Likadutsa tagi yapita kwa wina, ndipo mapointi onse 7 apita nayo limodzi, ngati kuti anasakadi. Muimbe foni, mulire, mufotokoze za banki, palibe chisintha. Ndiye kuyambira kumapeto kwa Meyi muzitsegula akaunti tsiku ndi tsiku mpaka muone kuti ndalama yachokadi kubanki. Yapambana ndi mawu ena, yalipiridwa ndi mawu enanso.

Ndipo amene amandikwiyitsa kwambiri ndi aja amati tipatseni ndalama tikulembetsereni m'masteti onse, inu mungogona. Amatenga pasiwedi yanu, amaika imelo yawo m'malo mwa yanu, ndiye chenjezo la khadi lipita kwa iwo, iwo ali ndi makasitomala mazana sabata yomweyo. Zikavuta amakuonetsani kandime ka m'pangano kakuti khadi ndi udindo wanu. Amakusankhiraninso dera lomwe akusankhira aliyense, dera lomwe chaka chatha linkafuna mapointi 4 n'kufuna 6 chifukwa cha gulu lawo lomwelo. Fomu yake ndi ya mphindi makumi awiri. Lembani nokha.

Za mapointi ndinene mosabisa. Pointi mumapeza imodzi pachaka, koma m'madera otchuka chiwerengero chofunika chimakweranso pafupifupi imodzi pachaka, poti anthu okhala ndi mapointi ambiri amene akungodikira ndi ochuluka kuposa matagi. Zili ngati mzere wa kuchigayo womwe kutsogolo kukuloweranso anthu: mukusuntha ndithu, koma khomo silikuyandikira. Amene akuyamba lero kufuna madera a kumpoto chakumadzulo kwa Colorado ofuna mapointi oposa 20 adzafika mawondo atatha. Mapointi amagwiranso ntchito pa chisankho choyamba chokha, m'masteti awiri onsewa. Mukapeza tagi pa chisankho chachiwiri mapointi anu satha. Ku Colorado anthu amaika E-P-999-99-P, nambala yongotengera pointi, pa chisankho choyamba, n'kuika dera losavuta pachiwiri, asake chaka chomwecho pointi atasunga. Mukalembetsa ngati gulu chenjerani: Wyoming imaphatikiza mapointi anu onse n'kugawa mofanana, koma Colorado imatenga a munthu wotsikitsitsa. Mnzanu wa ziro akukokerani nonse pa ziro.

Ngati cholinga ndi nyama mufiriji chaka chino, siyani za nyanga. Wyoming ili ndi matagi otsika mtengo a elk yaikazi ndi mwana, $288 pa mitengo ya 2024, maere ake ndi apadera ndipo sakhudza mapointi. Colorado ikugulitsabe matagi a mfuti a elk yamphongo popanda maere pa nyengo yachiwiri ndi yachitatu m'madera ambiri, ngakhale a uta kwa alendo anawalowetsa m'maere kuyambira 2025 kumadera akumadzulo. Anthu amadzadza m'mapiri nyengo zimenezo, malaya a olenji paliponse, koma tagi ili m'thumba. New Mexico ilibe mapointi n'komwe, fomu imatsekedwa mu Malichi, kungoti mlendo wopanda gaidi amalimbirana matagi 6 pa 100 okha, 84 ndi a eni mudzi, 10 a olembetsa kudzera kwa outfitter, kampani yoperekeza osaka.

Satifiketi ya hunter education, maphunziro a kasakidwe kotetezeka, mukhale nayo musanayambe zonsezi. Colorado imaifuna kwa aliyense wobadwa kuyambira 1949, Wyoming kuyambira 1966, ndipo ya ku Indiana amailandira. Ngati muli pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, lamulo la dziko lonse limakuletsani kugwira mfuti ndi zipolopolo, pokhapokha muli ndi laisensi yosakira yomwe ikugwira ntchito. Laisensi iyambe, mfuti pambuyo, ndipo isathe nthawi mfuti ili m'nyumba. Pobwerera, nyama muichotse mafupa komweko. Chifukwa cha matenda a ubongo a nyamazi otchedwa CWD masteti ambiri salola kudutsitsa ubongo ndi fupa la msana, ndiye werengani lamulo la Indiana ndi la masteti omwe mudutsemo. Chiwalo chosonyeza kuti inali yamphongo kapena yaikazi chikhalebe pa nyamayo monga bukhu la steti likunenera, woyang'anira nyama akakuimitsani ndi chimene ayambe kufunsa.

Komabe pointi ya elk ya Wyoming gulani. Ndi $52, imagulitsidwa kuyambira 1 Julayi mpaka 31 Okutobala, ndipo simufunika laisensi ina ngati ku Colorado. Tagi ya general, yosakira m'madera angapo osati limodzi lokha, yomwe kuyambira 2024 anaigawa m'zigawo zitatu kwa alendo, kum'mawa, kumwera ndi kumadzulo, imafikirika m'zaka zowerengeka, osati makumi awiri. Mukalephera maere a Januwale pointi sibwera yokha, muyenera kukaigula nokha nthawi imeneyo, ndipo mukadumpha zaka ziwiri zotsatizana onse omwe munali nawo amafufutidwa. Ikani alamu pafoni pa 1 Julayi.