Musamalize kulipira nyumba yogula matenanti asanatuluke

Achemwali, ndaona funso lanu la nyumba mukufuna kugula ku Area 25 ija, mukuti landilodi akufuna mumalize ndalama zonse sabata ino pomwe matenanti akadali mommo, eti adzatuluka okha mwezi ukatha. Chonde musayerekeze. Ine zinandionekera ku Area 49, ndinalipira zonse chifukwa dobadoba amandithamangitsa kuti pali wina akubwera ndi kashi, kenako ndinakhala miyezi yambirimbiri ndikulipira lendi kwina nyumba yanga muli anthu, wogulitsa foni osayankhanso. Mpaka lero mtima umandiwawa.

Nkhani yagona pa agirimenti. Pezani loya wanu, osati wa wogulitsayo, alembe momveka kuti nyumba mudzailandira mulibe munthu, mulibe katundu, makiyi onse m'manja mwanu, pa deti lakutilakuti, ma loya amati vacant possession. Alembenso kuti deti likadutsa anthu asanatuluke muli ndi ufulu wosiya kugula n'kubwezeredwa dipoziti yanu, kapena wogulitsa azikulipirani mwezi uliwonse umene wachedwa. Ndalama yotsalayo ikhale kwa loya, iperekedwe tsiku lomwe mwalowa nokha m'nyumbamo, mwatsegula chipinda chilichonse ndi boys quarter yomwe, pajatu kuseri kumakhala m'bale wa landilodi amene sanatchulidwe n'komwe.

Search ya ku Lands (kufufuza ku ofesi ya boma ya za malo) muchite ndithu kuti muone dzina lili pa title, chikalata cha umwini, komanso ngati nyumbayo sinapinyolitsidwe ku banki, koma dziwani kuti tenanti wa mwezi ndi mwezi sangaoneke pamenepo. Pitani mukacheze nawo matenantiwo mwaulemu, afunseni ngati notisi analandira, komanso analipiliratu mpaka liti, ena amakhala anapereka lendi ya miyezi 6 ndiye ali ndi ufulu wawo, nawonso ndi anthu ali ndi ana ku sukulu. Notisi apereke ndi wogulitsa, yolemba, inu musunge kope.

Ndipo zikavuta musakachotse zitseko kapena kudula madzi ngati mmene ena amalangizira, mlandu udzakutembenukirani. Kutulutsa munthu n'kwa khoti ndi a sheriff basi.

Mabilu a Water Board ndi ma city rates muonenso asanasaine aliyense, ngongole zimenezo zimatsalira pa nyumba. Akakana kulemba zonsezi mu agirimenti, isiyeni achemwali, nyumba ku 25 zilipo zambiri.