Gasi sanaphe injini yanga, ndinaipha ndekha

Owerenga ena andilembera imelo kufunsa ngati n'kwanzeru kuikitsa zida zoti galimoto yawo ya petulo iziyendera gasi wa LPG, wa mtundu wophikira uja. Achimwene, mwandiponda pachilonda. Ndakhala masiku atatu osakuyankhani chifukwa funso lanu landikumbutsa galimoto ina yomwe sindikonda kuitchula.

Inali ya masilinda anayi, yakale ndithu koma yosavutitsa. Nthawi imeneyo ndinkayenda mitunda italiitali tsiku ndi tsiku, ndipo petulo ankanditha m'thumba mwezi usanafike n'komwe pakati. Mnzanga wina anandilozera makaniko wotchipa. Patatha masiku awiri okha, thanki yozungulira inali itakhala pamalo pa tayala la sipeya, ndipo pafupi ndi chiwongolero panali kabatani katsopano. M'mawa woyamba sindidzauiwala. Injini inalira pa petulo monga mwa masiku onse, nditayenda pang'ono ndinangomva kuti "tiki", kanyali kobiriwira n'kuyaka, basi tili pa gasi. Ndinaseka ndekha ngati mwana. Zimatero chifukwa m'thankimo gasi amakhala wamadzimadzi, ndipo kachipangizo komusandutsa mpweya kamadalira madzi otentha a injini. Madziwo asanafike pa madigiri 30 kapena 40, galimoto imamwabe petulo.

Chaka choyamba ndinasanduka mlaliki wa gasi. Aliyense amene wakwera galimoto yanga ankamva ulaliki, afune asafune. Inde, malita ankapita ambiri, mwina limodzi lowonjezera pa asanu alionse, popeza lita ya LPG ili ndi mphamvu zochepa poyerekeza ndi ya petulo. Koma kumene ndinkathirako lita yake inali yotsika mtengo kwambiri, moti ndalama zinkatsalabe. Oyilo ankachedwa kuda. Injini sinkagogoda pachitunda, pakuti octane ya gasiyu, nambala yoonetsa mmene mafuta amapewera kugogoda kwa injini, imapitirira 100. Ngakhale utsi wake ndi wopepukirapo.

Chaka chachiwiri chikutha, injini inayamba kunjenjemera ikazizira. Ndinasintha mapulagi, osasintha kanthu. Kenako mphamvu inayamba kuthawa. Makaniko wachiwiri, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anachotsa hedi, chivundikiro cha pamwamba pa masilinda, n'kundiikira valavu imodzi m'manja. M'mphepete mwake munali mutabenthuka ngati dzino la nkhalamba. Anandifunsa kuti, "Mavalavuwa munawayezetsa liti komaliza?" Ndinangoti kukamwa yasa.

Nkhani yake ndi iyi. Petulo akamalowa mu injini amanyowetsa ndi kuziziritsa pokhala mavalavu. Gasi amalowa wouma. Injini zina zili ndi pokhala mavalavu polimba, sizidandaula. Zina n'zofewa, valavu imamira pang'onopang'ono mpaka mpata wake kutha, kenako siitsekanso bwino, moto n'kuyamba kuinyambita. Yanga inali ya gulu lachiwirili. Woika zida uja sanandiuze, inenso sindinafunse, chifukwa maso anga anali pa kutchipa basi. Ndalama zonse zimene ndinapulumutsa zinathera pa hedi.

Komabe musandiuze kuti gasi ndi bomba. Mawu amenewo amandikwiyitsa, chifukwa amene amawanena ambiri sanaionepo thanki yake. Ndi chitsulo chochindikala kuposa thanki ya petulo, imasiya yokha kulandira gasi ikafika pa 80 peresenti kuti atsale ndi malo ofufumira kukatentha, ndipo ili ndi valavu yotulutsa mpweya ukapanikizika mopitirira. Ku Turkey, ku Poland, ku Italy ndi ku South Korea magalimoto mamiliyoni akuyendera LPG, ndipo kampani ya Dacia imagulitsa ena ali kale ndi zida zake kuchokera ku fakitale. Amene amandiopsa ine ndi anthu omangirira silinda yophikira m'buti n'kulumikiza ndi paipi yamba. Kumeneko ndiye kusewera ndi moyo, ndipo woteroyo alandidwe makiyi. Gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, akadontha sauluka, amakhala pansi n'kumadikirira kamoto. N'chifukwa chake malo ena oimika magalimoto apansi pa nyumba salola magalimoto a gasiyu, ndipo sitima ya Eurotunnel yodutsa pansi pa nyanja pakati pa England ndi France sinyamula galimoto za LPG.

Za tayala la sipeya ndatchula mongodutsa, koma zinandigoneka panjira. Thanki italanda malo ake, tayala linkangogubuduka m'buti mpaka tsiku lina ndinatopa nalo n'kulisiya kunyumba. Msomali sunachedwe kundipeza, usiku, mvula ikugwa. Pamenepo sindingaloze chala makaniko aliyense.

Tsono muchite bwanji?

Werengani makilomita amene mumayenda pachaka. Ngati ndi ochepa, kapena maulendo anu ndi afupiafupi oti injini ikamafunda mwafika kale, zisiyeni, ndalama ya zida sidzabwerera. Onani ngati pali pothira gasi m'njira zimene mumayenda. Funsani ngati injini yanu imapirira gasi, ndipo woika zida akhale wovomerezeka, wopereka mapepala. Auzeni a inshulansi. Mavalavu ndi sefa ya gasi muziyang'anitsa pa nthawi yake, ndipo m'thanki ya petulo musamathe mbee, pampu yake imapsa ikamazungulira youma.

Simunandiuze kuti injini yanu ndi yanji. Ngati ndi ya direct injection, yopopera petulo mwachindunji m'masilinda, zida zake n'zodula ndipo zambiri zimamwabe petulo pang'ono kuti majekita, tizipangizo topopera petuloyo, asapse. Ndilembereninso mundiuze mtundu wake ndi chaka chimene inapangidwa.