Mpeni wa masikauti: wopinda kapena wopindika?

Funso: Ndikulembera makolo a masikauti za mpeni woti agulire ana. Ndilembe "mpeni wopinda" kapena "wopindika"?

Lembani "wopinda". Timati zovala zochapa, koma zovalazo sizichapa kanthu. Ife ndife timazichapa. Mpeninso timaupinda ndife. "Wopindika" angamveke kuti ungathe kupindidwa, komanso kuti ndi wokhota, ndipo kholo likhoza kugula wolakwika. Muwonjezere kuti ukhale ndi loko, chifukwa wopanda loko umatsekeka wokha pa zala mwana akamaboola nawo mtengo. Mipeni ya Opinel ya ku France, kuyambira saizi nambala 6 kupita m'tsogolo, ili ndi mphete yachitsulo imene mukaipotoza mpeni sutsekeka.

Funso: Kodi "mpini wa mpeni" n'Chichewa chabwino?

Mpini ndi wa khasu ndi nkhwangwa. Wa mpeni ndi chigwiriro, ndipo moikamo mpeni wosapinda timati m'chimake. Poti mpeni ndi mpini zimasiyana lemba limodzi lokha, "chigwiriro" chipulumutsanso owerenga mothamanga.

Pa chigwiriropo mpamene malangizo anu ayenera kuchedwapo. Chikwanire m'dzanja la mwanayo, zala zizungulire bwino, chisaterere chikanyowa, ndipo chikhale ndi kotchinga koletsa chala kutsetserekera kokuthwa. Ngati ndi mpeni wosapinda, chitsulo chilowe kutali m'chigwiriro. Chongolowa pang'ono chimagwedera kenako n'kuzuka. Mbali yodulira ikhale masentimita 8 mpaka 10, yochindikala mamilimita awiri kapena awiri ndi theka, ngati mipeni yambiri ya Mora ya ku Sweden. Wautali kuposa apa mwana amalephera kuuwongolera.

Funso: Ndinalemba kuti ana ang'ono apatsidwe "mpeni wosathwa". Mnzanga akuti ndalakwitsa.

Mnzanuyo akunena zoona. Chosiyana ndi "wakuthwa" ndi "wobuntha", kapena "wosakuthwa" m'kamwa mwa ena. "Wosathwa" akutanthauza zomwezo. Koma wobuntha si umene mukufuna. Mpeni wobuntha umafuna mphamvu zambiri, umaphonya mtengo n'kukatera pa dzanja kapena pa ntchafu. Mumafuna kunena "wakuthwa koma wopanda nsonga", kutanthauza wozungulira kumapeto kuti usabaye.

Funso: Kunola ndi kusongola n'chimodzi?

Ayi. Timanola mpeni, timasongola ndodo kapena chikhomo cha tenti. Ponola, nyowetsani mwala wonolera ngati uli wamadzi, pendeketsani mpeni pang'ono osasinthasintha, muuyendetse kakhumi mbali iyi, kakhumi mbali inayo. Posongola, mwana akhale pansi, zigongono pa mawondo, azidula molozetsa kutali ndi thupi, anzake atalikire kupitirira pamene mkono ndi mpeni zingafike. Akamaliza aupukute uume, makamaka wachitsulo cha kaboni umene umachita dzimbiri ukagona wonyowa, ndiyeno aupinde kapena aubwezere m'chimake asanaimirire.