Kwa bambo amene afunsa za S-Class ndi Lexus LS 460

Bambo, mwafunsa kuti pakati pa Mercedes-Benz S-Class ya mtundu wa W221 ndi Lexus LS 460, zonse zoyendapo kale zochokera ku Japan, ndi iti yomwe ili yofewa pa ulendo, ya luso lamakono komanso yosavutavuta, popeza mumayenda kawirikawiri pakati pa Lilongwe ndi Blantyre ndipo imene mugule idzakhala galimoto yokhayo pakhomo. Ena akuyankhani kale kuti Benz ndi Benz basi, ena akuti Lexus ndi Toyota yovala suti, koma funso lanu likufuna kufatsa, chifukwa zinthu zitatu mwatchulazo siziyendera limodzi nthawi zonse. Zipangizo zimene zimafewetsa galimoto yotere ndi zomwezo zimene zimayamba kudwala ikakalamba, ndipo magalimoto onse awiri mukuwaganizirawo ndi okalamba ndithu, pakuti W221 inapangidwa kuyambira 2005 mpaka 2013, pomwe LS 460 inatuluka mu 2006.

Pa kufewa, S-Class sindingaichotsere ulemu wake. Galimoto imeneyi sikhala pa masipuling'i achitsulo monga magalimoto athu wamba, koma pa matumba a mphira odzaza mpweya, amene a Mercedes-Benz amawatcha Airmatic ndipo anayamba kuwaika pa S-Class mu 1998. Pali kompuresa yopopa mpweyawo, pali masensa oyeza kutalika kwa galimoto kuchokera pansi, ndiye pali kompyuta yomwe imalimbitsa kapena kufewetsa mashoko molingana ndi msewu ndi liwiro. Ndinakwerapo ku mpando wakumbuyo wa W221 kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Dedza, ndipo chimene chinandidabwitsa n'chakuti zigamba za phula, zimene m'galimoto yanga zimandigwedeza mpaka m'mano, ndinkangozimva ngati munthu akugogoda chitseko cha nyumba yoyandikana nayo. Ndinatsika msana uli bwinobwino ngati ndinali pa sofa. Lexus nayo mphamvu yake ili pa bata. Kuyambira pa LS 400 ya mu 1989, imene poitsatsa anasanjikiza matambula agalasi pa boneti injini ikuthamanga koma osagwa ndi limodzi lomwe, a Toyota akhala akulimbana ndi phokoso ndi kunjenjemera, moti mukaima pa maloboti mu LS 460 mukhoza kuyang'ana pa dashibodi kuti mutsimikize ngati injini ikulira. Kunena mwachilungamo, pa liwiro lalikulu Benz imagwira msewu molimba mtima kuposa inzakeyo, pomwe Lexus imakhala ngati ikukunyengererani kuti mugone.

Pa luso, mbiri ili kumbali ya S-Class. Mabuleki a ABS, amene amaletsa matayala kukwekwereka mukaponda mabuleki mwadzidzidzi, anafika pa S-Class mu 1978, chikwama cha mpweya choteteza woyendetsa pa ngozi chinabwera mu 1981, ndipo ESP, yomwe imawongola galimoto ikayamba kuterereka, inayambira m'banja lomweli mu 1995. Zonsezi lero mumazipeza ngakhale m'timagalimoto ting'onoting'ono todzaza m'tauni. W221 ina imakhala ndi kamera yoona usiku komanso Distronic, imene imasunga yokha mpata pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo, ngakhale si zonse zili nazo chifukwa wogula woyamba ankachita kuwonjezera ndalama. LS 460 inali galimoto yoyamba kugulitsidwa ndi giyabokosi ya otomatiki ya magiya 8, pamene S-Class ya nthawi imeneyo inali ndi 7. Komabe musatengeke kwambiri ndi za pa sikirini, chifukwa luso limeneli ndi limene limafulumira kutha ntchito. Lexus yopangidwira msika wa ku Japan imabwera ndi zolemba za Chijapani ndi mapu a misewu ya kwawoko, ndipo wailesi yake imathera pa 90 MHz, choncho mawailesi athu ambiri simungawamve mpaka mutaikitsa kachipangizo kowonjezera. Foni yanu ya m'thumba idzakulondolerani njira bwino kuposa sikirini ya mu 2007.

Tsopano pa nkhani ya kusavuta, pamene pagona yankho lanu. Matumba a Airmatic ndi mphira, ndipo mphira wa zaka zoposa khumi amene akukumana ndi fumbi ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala amang'aluka timing'alu tosaoneka ndi maso. Mpweya ukayamba kutuluka, kompuresa imagwira ntchito mosapuma pofuna kubwezeretsa, mapeto ake imapsa, ndiye vuto la thumba limodzi labala lachiwiri. Tsiku lina m'mawa mwini wake amapeza galimoto itagwada, tayala litalowa m'bodi, moti ngakhale kuituluka pa geti sizitheka. Injini za petulo za zaka zoyambirira, V6 ya M272 ndi V8 ya M273, zinadziwikanso ndi giya ina ya tcheni cha injini imene inkatha msanga, ndipo kuikonza ndi ntchito yaikulu yomwe nthawi zambiri imafuna kutsitsa injini yonse. Vutoli linakonzedwa pa injini za pambuyo pake, n'chifukwa chake nambala ya injini ndi yofunika kuposa kuwala kwa penti. Giyabokosi yake ya 7G-Tronic ili ndi kabolodi ka magetsi m'kati, ndipo kakafa sikuti mumangogula kena n'kumanga, ayi, pamafunika makina a kompyuta odziwa chilankhulo cha Mercedes-Benz kuti akagwirizanitse ndi galimotoyo. Makaniko wa pansi pa mtengo, ngakhale akhale waluso chotani ndi sipanala, apa amangogwira m'chiuno.

Lexus nayo si mngelo, ndipo amene akukuuzani kuti masipeya ake ndi a mtengo wa Corolla sanaigulirepo kanthu. Kutsogolo kwa LS 460 kuli mikono yambiri yogwira matayala, mabushi ake amatha, ndipo pa misewu ya maenje amatha mofulumirirapo. Chipangizo cha magetsi choyendetsa mabuleki chimadziwikanso kuti chimafooka pa zina, ndipo n'chodula zedi. Kusiyana kwake n'kwakuti matenda a Lexus ndi owerengeka ndipo ambiri amayamba achenjeza, mumamva kugogoda kwa miyezi musanaime pa msewu. Injini yake ya V8 ya malita 4.6 ndi ya banja limodzi ndi imene ili mu Land Cruiser 200 ina ya petulo, choncho makaniko wozolowera ma Toyota akuluakulu saiona ngati mlendo. Chachikulu koposa n'chakuti LS 460 zina zinatuluka ndi masipuling'i achitsulo, ndiye mukapeza yotere mwapewa vuto lonse lija, koma muyambe mwatsimikiza, chifukwa zopangidwira msika wa ku Japan kawirikawiri zimakhala ndi matumba a mpweya.

Palinso zimene zimakhudza magalimoto onse awiri mofanana. Onse ndi aatali ndiponso otsika, moti mahampu a m'misika ya m'mbali mwa M1 ndi njira ya kumudzi nthawi ya mvula zidzakhala zikukanda kumimba. Mukapeza yokhala ndi marimu aakulu a mainchesi 19 kapena 20, dziwani kuti tayala lake ndi lopyapyala ndipo dzenje limodzi la ku Ntcheu likhoza kuphulitsa tayala n'kupinda rimu nthawi imodzi. Ya mainchesi 18 ndi yofewanso kuikwera. Msonkho wa MRA umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, choncho mtengo wotsika umene mukuuona pa intaneti usakunamizeni, werengerani zonse mpaka galimotoyo itadutsa pa Songwe. Mtengo wa galimotozi unagwa, koma wa masipeya sunagwe nawo, ndipo ambiri muzidzachita kuitanitsa ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku Japan ndi ndalama zakunja zomwe mukudziwa kale mmene zimavutira.

Popeza mwanena kuti idzakhala galimoto yokhayo pakhomo, ine ndikanakhala inu ndikanatenga LS 460, makamaka ya masipuling'i achitsulo ngati ingapezeke. Ngati mtima wanu wakakamira pa nyenyezi ya pa boneti ya Benz, zimene sindingakudzudzuleni nazo, funani S 350 yopangidwa kuyambira 2009, pamene W221 inakonzedwanso, pewani S 600 ya masilinda 12 ngakhale itatchipa bwanji, ndipo muyambe mwapeza galaja yokhala ndi makina oyezera Mercedes-Benz musanalipire kalikonse. Onetsetsaninso mbali ya chiwongolero pa zithunzi, chifukwa ku Japan ma Benz ambiri a mtundu umenewu anagulidwa ndi chiwongolero cha kumanzere, ndipo kupitirira lole pa M1 muli kumanzere si masewera. Ikakhala kuti galimotoyo ili kale m'dziko muno, pemphani mwini wake kuti igone pamalo athyathyathya, yezani ndi tepi kuchokera pansi kufika pa bodi pamwamba pa tayala lililonse madzulo, ndipo mudzayezenso m'mawa injini isanalizidwe. Ngodya imodzi ikapezeka kuti yatsika, mtengo wa matumba awiri a mbali imeneyo ndi kompuresa uchotsedwe pa ndalama zimene akufuna.